Dzanja la Mayi Beryl

Usiku woyamba, ndikuti ndiwatukule pabedi,
anandigwira dzanja n'kulipotokola,
ndinangozindikira bondo langa lili pakapeti.
Zaka makumi asanu ndi atatu, mano ali m'kapu,
koma anandigwetsa ngati thumba la gaga.
Anaseka mpaka kutsamwa.
"Ukadali moyo, Ndaziona?"

Kuno ku Morecambe mphepo imalowa ngakhale zenera lili chitsekere.
Pafomu yawo analemba kuti shuga, chiuno chachitsulo, amaiwalaiwala.
Palibe analembapo kuti thupi limeneli
linkauluka kuchokera pachingwe chapamwamba.

M'chitini cha mabisiketi muli chipepala chachikasu
cholengeza masewera ogwetsana.
Maina a amuna asanu ndi mmodzi, zilembo zonenepa,
ndiye m'munsimu, pafupi ndi mtengo wa tikiti:
"komanso atsikana."
Amaloza ndi chala chokhota
pamene dzina lawo likanakhala.

Mkati mwa sabata ankachapa nsalu za m'mahotela.
Lachisanu n'kukwera kagalimoto ndi mnzawo Glenda,
mizati ndi zingwe zikugogoda kumbuyo,
ulendo wa kumaholo a m'matauni a migodi
momwe utsi wa fodya unkabisa denga.
Ankagawana tchipisi cha papepala limodzi,
kenako n'kukakokana tsitsi anthu mazana asanu akukuwa.
Timagogo ta mzere woyamba tinkawakwapula ndi zikwama.
"Wopambana tinkapangana kale," amatero,
"koma pansi sipankapangana ndi munthu."

Akuti kumzinda waukulu anawatsekera zitseko zaka ndi zaka,
ati n'zamanyazi mkazi kugwa chagada pagulu.
Loweruka masana dziko lonse lili pa kanema kuonera amuna,
iwo ali m'galimoto, injini yozima,
kudikira kuti ojambula apakire katundu.
Malipiro theka, muenvelopu yonunkha mowa.
Bwana wa masewera ankati
fupikitsani chovalacho, lusolo ndani walifunsa?

Kunabwerako kalata ya ku Japan,
komwe anamva kuti akazi amadzaza holo paokha.
Mwana anali wa miyezi inayi.
Bambo wa mwanayo anati sankha.
Kalatayo ilimo m'chitinimu, yopindidwa kanayi,
m'mopindamo mwayamba kung'ambika.

Glenda anapita chaka cha mliri.
Ndi iye yekha ankadziwa za usiku wa ku Barnsley,
mphindi makumi awiri ndi zisanu osapuma,
mpaka amuna anatuluka m'chipinda chovalira
kudzaima kumbuyo, manja m'khwapa, kuonerera.
Palibe anajambula.
Tsopano nkhaniyo yatsala m'mutu umodzi wodontha
ndi mwa ine, mlendo wa viza ya zaka zitatu,
amene ndinasiya ntchemberembaye ku Dedza ndili Fomu 2
chifukwa amalume anati miyendo ya mtsikana si yoonetsa.

Dzulo pa kanema wa pabalaza
atsikana awiri ankalimbirana lamba wonyezimira,
moto ukuthetheka, maina awo aakulu ngati nyumba.
Ndinkayesa alira.
Anangosendeza mpando, maso tong'o.
"Wofiirayo phazi lamanzere walichedwetsa.
Akafika zaka zanga bondolo adzalimva."
Atakhala chete pang'ono anati,
"Kwezako mawu."

Masiku ano amandiphunzitsa kugwa.
Chibwano pachifuwa, mkono umenye pansi usanafike msana,
mpweya utuluke wokha.
Ndimayeserera m'chipinda chochapira, pamulu wa matawulo,
mkulu wa manesi akapita kokasuta.

Cha m'ma folo m'bandakucha belu la chipinda china linalira.
Ndikudutsa, ndinawaona atakhala tsonga mumdima,
mapewa atakwera, zikhato zili chitambasulire,
akuyang'ana pakona pamene pali kabati.
Ndinati gonani, amayi, si lanu limenelo.
Anati, "Ndikudziwa.
Muuze Glenda afulumire."